Bambo Domingo ndi Maina Otuwa

A Domingo anamwalila Lachinayi masana kwao ku Nyampande, koma ine ndinamva Lachisanu m'mawa, ndili pansi pa desiki kumangilila zingwe za nsapato za mnzanga Dalitso ku mwendo wa mpando wake. Aphunzitsi a masamu analowa n'kunena kuti amene timapita ku chipinda cha makompyuta cha ku palishi tisavutike kupitako, mwini chipinda watisiya. Ndinamaliza kumanga mfundo ija chifukwa manja anga sanadziwe chochita china. Dalitso poimilila anagwa ndi mpando womwe, kalasi lonse linafa ndi phwete, ine ndinatuluka panja osapempha chilolezo.

Ndine Tiyese, ndili giledi 11, ndipo ku Petauke kuno amene amandidziwa amandidziwila zinthu zotelozi. Ndinaikapo bilimankhwe m'chikwama cha apulifekiti. Ndinabwezapo wotchi ya mu holo mphindi makumi awili, sukulu yonse n'kudya mochedwa. Sindilapa, ndipo mpata utapezeka ndingachitenso. Koma pali chinthu chimodzi chimene anthu a ku palishi mpaka lelo amati ndinachitila a Domingo dala, ndipo chimenecho chokha sindinachite dala. Munthu amene akanandichitila umboni tamuika m'manda sabata yatha. Ndiye ndilembe ndekha.

A Domingo anali munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, wa jekete limodzi la mtundu wa khofi limene ankalikoleka pa msomali akalowa m'chipinda, n'kulivala pokhapokha pakakhala nkhani yaikulu. Anabwela kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki pamodzi ndi akazi awo, amai Jasinta. Kampu ya othawa nkhondo itatsekedwa anthu ambili anabwelela kwao, koma iwo ndi mabanja ena anatsala, napatsidwa minda ku Nyampande. Chinyanja chao chinali cha kutsidya kwa malile, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito ankatukwana m'Chipwitikizi, motsitsa mawu, ngati akupemphela. Mawu amenewo ndinawaloweza onse. Ndinayesa amodzi pa Dalitso, a Domingo anandithamangitsa ndi tsache mpaka pa geti.

M'kampu muja anali kalaliki wotaipa maina. Pambuyo pake anataipa mu ofesi ya kampani ina ya boma yogula mbewu, mpaka makampani aja atagulitsidwa iwo n'kuuzidwa kuti ntchito yatha. Analima thonje zaka zingapo, osapindula. Ansembe a ku palishi atalandila makompyuta akale ochokela kwa abwenzi akunja, anafuna munthu wodziwa pamene pali zilembo, ndipo a Domingo anabwela pa njinga, imvi zili kale mbuu. Anaphunzila okha, ndi mabuku ong'ambika ndi kufunsa. Lolemba m'mawa ankapalasa kuchoka ku Nyampande, n'kukhala kuno mpaka Lachisanu. Pakhomo pa chipinda panali beseni ndi sopo, ndipo ngakhale ansembe ankasamba m'manja asanagwile kiyibodi. Nkhondo yao yosatha inali ndi a Mwanza, akatekisti, amene ankabwela ndi nshawa zokazinga m'thumba n'kumagwetsela makoko pakati pa mabatani. A Domingo ankatembenuza kiyibodi pamaso pao n'kuigwedeza, makoko aja akugwa ngati mvula.

A Mwanza omwewo ndi amene anandilowetsa m'manja mwa a Domingo. Tsiku lina ndinajambula sikilini ya kompyuta yao ndi tizithunzi tonse timene munthu amadina, chithunzicho n'kuchiika kumbuyo, tizithunzi tenitenito n'kutibisa. Zonse zinkaoneka monga mwa masiku onse, koma panalibe chotseguka. A Mwanza anadina, anadinanso, anagogoda mausi patebulo, anaipemphelela, mpaka thukuta. Ine ndinali kumbuyo kuluma kolala ya yunifomu. A Domingo anayang'ana kamodzi kokha n'kudziwa. Anatuluka panja, ndipo ndinawamva akuseka kuseli kwa thanki ya madzi. Atabwela nkhope inali youma. Anandigwila khutu n'kundiuza kuti munthu wodziwa kupanga chitseko chabodza ayenela kuphunzila kupanga chenicheni, ndipo chilango changa ndi kubwela masana alionse ndikaweluka. Chilangocho ndinachigwila zaka ziwili, ndipo m'menemo ndinasiya kuwaitana Bambo Domingo n'kuyamba kuwaitana ambuya.

Ntchito yao yeniyeni sinali kuphunzitsa ife kutaipa. Anali ndi tsamba pa intaneti, la maina a anthu amene nkhondo inawalekanitsa ndi abale ao. Mabanja a ku Nyampande ndi midzi ina ankabwela kudzalembetsa: mlongo wakuti, mwana wakuti, tinasiyana pamalo akuti. Nkhani zinkabwela pang'onopang'ono, pa foni, pa kalata, pakamwa pa oyendetsa malole ochokela ku Tete. Munthu akamveka, a Domingo ankamupangila tsamba lakelake, la chithunzi ndi kumene ali, ndipo dzina lake pa mndandanda linkasanduka linki: la buluu, la kamzele pansi, ukadina likutsegukila. Ngakhale womwalila dzina lake linkakhala la buluu, chifukwa iwo ankati kudziwa manda nayonso ndi nkhani. Koma amene sanamvekebe, maina ao ankakhala otuwa ngati phulusa, osatseguka.

Pakati pa maina otuwawo panali Lozita Domingo, mwana wao mmodzi yekhayo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwili pamene anasowa, tsiku limene mudzi wao unabalalika, iye ali kudambo ndi azakhali ake.

Za maina otuwa a Domingo anali ndi malamulo okhwima kuposa a Lenti. Anthu ambili opanga masamba, akafuna kuonetsa kuti linki siikugwila ntchito, amangoipaka utoto wotuwa basi, adilesi yake n'kuisiya mkati. Iwo zimenezo ankadana nazo ngati ufiti. Ankati penti si loko. Pa dzina lotuwa, kamawu kaja kotchedwa href, kamene kamasunga adilesi ya kumene linki ikupita, kayenela kuchotsedwa konse, kuti munthu woyenda ndi batani la Tabu m'malo mwa mausi asaimepo. Kamuvi ka mausi kakafika pamenepo kasasanduke kadzanja koitana. Payenela kulembedwa mawu obisika ouza pulogalamu yowelengela akhungu kuti pano mpotseka. Kutuwako nakonso kunali ndi muyezo: kusakhale koyela kwambili mpaka gogo wa maso ofooka n'kulephela kuwelenga dzina la mwana wake. Ndipo pambali pa dzina lililonse lotelo ankalemba timawu titatu: sitinamvebe za iye.

Ine ndinkaona ngati ndi matenda a ukalamba. Iwo ankati m'kampu muja anaona anthu akuyenda tsiku lathunthu, ana ali kumsana, kudzafika pa windo la ofesi limene linatsekedwa kale popanda wolemba chikwangwani. Ankati kutseka si tchimo, tchimo ndi kutseka kwinaku ukuoneka ngati watsegula.

Chimene chinali pansi pa mawu amenewo ndinachimva pa malilo, kwa amai Jasinta, titakhala pa mphasa kuseli kwa nkhokwe. Kampu ili pafupi kutsekedwa, munthu wina anawauza kuti ku Nyalugwe, m'boma la Nyimba, kuli banja limene linatola kamtsikana ka ku Mozambiki dzina lake Lozita. A Domingo anabweleka njinga, nagula dilesi yachikasu, napalasa masiku atatu. Mtsikanayo analipodi, dzina linali lomwelo, koma sanali wao. Anamusiyila dilesi ija n'kubwelela, ndipo atafika anagona mwezi osadya bwino. Atadzuka anauza akazi ao kuti sakubwelelanso ku Mozambiki, chifukwa mwana akadzafunafuna adzatsata kumene anthu anathawila, osati kumene anachoka. Anawauzanso kuti iwo, malinga ali moyo, sadzayendetsa munthu ulendo wotelo.

Mkangano wao waukulu unali ndi mnyamata wina wa ku Lusaka, wa nsapato zosongoka, amene ansembe anamuitana kuti akonze tsambalo lizioneka bwino pa mafoni. Iye anasamutsila zonse mu pulogalamu yaikulu yomangila masamba, imene amaitcha fulemuweki. A Domingo anaimvetsa mwa njila yao. Anati ndi chikombole choumbila njelwa: kale dzina lililonse ankalilemba pamanja, tsopano ulemba chikombole chimodzi ndipo maina onse atuluka mmenemo. Mpaka apo anagwilizana. Vuto linabwela pamene mnyamatayo anati maina otuwa aja akudetsa tsamba, anthu amakono safuna kuona zinthu zosadinika, ndi bwino kuwabisa mpaka nkhani itapezeka. A Domingo anavala jekete. Anamufunsa ngati kwao, mwana akapanda kubwela kusukulu, amachotsa mbale yake pa shelefu. Mnyamatayo anayamba kufotokoza m'Chingelezi chambili, iwo anamuyankha m'Chipwitikizi chambili, ansembe ali pakati ngati woimbila mpila. Mapeto ake mnyamatayo anakwela basi ya ku Lusaka, maina otuwa anatsala, ndipo m'chikombole munalembedwa njila ziwili: ina ya amene amveka, ina ya amene sanamveke. Kuti a Domingo asangalale, ine ndinathila tsabola m'sikono ya mnyamatayo asananyamuke. Sanasangalale poyela, koma anandifunsa kuti ndinathila wochuluka bwanji.

Kenako shuga inayamba kuwadya maso. Poyamba ankakulitsa zilembo mpaka dzina limodzi linkadzaza sikilini. Pambuyo pake anayatsa pulogalamu ija yowelenga mokweza, ya mawu a mzimai wa Chingelezi, amene iwo anamutcha a Dona. Ankalankhula nao ngati mnzao wa mu ofesi, kuwapatsa moni, kuwadzudzula akapotoza dzina la munthu. Ine ndinaphunzitsa a Dona kunena kuti a Mwanza bwezani cholembela cha palishi, nthawi iliyonse a Mwanza akayatsa kompyuta. Cholembelacho chinabwezedwa.

Lolemba lililonse akangofika, asanamwe ndi tiyi yemwe, ankatsika mndandanda wonse ndi batani la Tabu. A Dona ankatchula dzina lililonse lotseguka n'kuonjeza mawu akuti linki. Maina otuwa Tabu inkawadumpha. Pa chilembo cha L inkachoka pa Lolenso n'kugwela pa Lukasi, ndipo pakati pa awiliwo chala cha a Domingo chinkachedwa pang'ono. Umo ndi mmene ankadziwila ngati ine kapena a Mwanza talowetsa nkhani yatsopano iwo kulibe: dzina limene dzana linkadumphidwa, lelo a Dona aimapo.

Chaka chatha, mwezi wa Juni, anapita ku chipatala cha ku Chipata kukaonetsa maso, nakhalako sabata ziwili. Anandisiyila ntchito yaing'ono. Mabanja ena anapempha kuti pambali pa dzina lililonse pazionekanso mudzi umene munthuyo anachokela, ndiye ndinayenela kukonza chikombole. Nditatsegula ndinaona njila ziwili zija, ndipo zinatanthauza kulemba chinthu chomwecho kawili n'kuyesa kawili. Tsikulo kusukulu kunali mpila wa manja. Ndinaganiza mwanzelu zanga kuti njila imodzi ikwana: maina onse akhale linki, kenako amene alibe nkhani ndiwapake utoto wotuwa. Mizele inachepa, ntchito inatha msanga. Ndinayang'ana sikilini, a buluu anali a buluu, otuwa anali otuwa, timawu titatu tija tili pamalo pake. Ndinayesa ndi maso okha, monga munthu wopenya, n'kuthamangila ku bwalo.

Lolemba limene anabwelela ndinafika kuchokela kusukulu cha m'ma 2 koloko masana. Panja panali njinga yamoto ya ganyu, ya fumbi la ku Nyampande. Mkati munali ansembe, a Mwanza, amai awili a bungwe la tchalitchi, ndi amai Jasinta atavala chitenje chao cha pa Pasaka, mpango woyela kumutu. A Domingo anali pa mpando wao, jekete lili pathupi, mabatani onse atamanga. Nkhope yao sindinaionepo ili chonchija. Inali ngati ya mwana.

Zimene zinachitika m'mawa ndinazimva pambuyo pake. Anatsika mndandanda monga mwa nthawi zonse. Maina ambili a kumayambililo anali a buluu kale, ndipo ena ochepa otuwa amene a Dona anaimapo, a Domingo anangoti zikomo Mulungu, nkhani zabwela zambili ine kulibe, osatsegula, pothamangila ku L. Atachoka pa Lolenso, a Dona anati Lozita Domingo, linki. Anabwelela, natsikanso. A Dona ananena chimodzimodzi. Sanadine. Anakasamba kumaso, anavala jekete, natuma njinga yamoto kukatenga akazi ao, ati tsamba limeneli sangalitsegule okha. Anadikila maola asanu chala chili pambali pa batani. A Mwanza anaona kuti dzinalo likali lotuwa pa sikilini, koma anaganiza kuti mwina utoto umachedwa kusintha, ndipo sanafune kuononga chimwemwe cha munthu.

A Domingo atamva mapazi anga anatembenuka.

"Tiyese, mdzukulu wanga, ndiwe unalowetsa? Usandiuze kanthu. Tionele pamodzi."

"Ambuya, dikilani, musa..."

"Ndadikila kokwana," anatelo akumwetulila, n'kudina.

Ine amene ndimadziwa bwino kamphindi kaja msampha usanafwamphuke, kamene ndimakakonda kuposa shuga, ndinaima pakhomo ndi chikwama kumsana. Chikombole chinachita zimene ndinachiuza. Chinatsegula tsamba la Lozita: dzina pamwamba, bokosi lopanda chithunzi, ndi mizele yopanda kanthu. A Dona anawelenga dzina, anati palibe chithunzi, n'kukhala chete. A Domingo anadina batani lotsikila pansi, kufuna kuti apitilize. Anadinanso. Amai Jasinta anafunsa motsitsa kuti a Dona akuti mwana ali kuti. Kenako anakhala pansi pa simenti, pomwe anaimapo, n'kuvula mpango.

A Mwanza ndiwo anayamba. Anati ndi Tiyese uyu, ndani sakumudziwa, wasewela ndi mwana wa eni wake wosowa. Amai a bungwe aja anandiyang'ana ngati ndanyamula njoka. Ndinayesa kufotokoza za chikombole ndi njila ziwili, koma mawu amenewo m'chipinda muja anamveka ngati chipongwe china. Ansembe anandiuza kuti ndipite kunyumba. A Domingo anaimilila. Anavula jekete, nalikoleka pa msomali atauphonya kawili, kenako anagwada kudzutsa akazi ao.

Nkhani inafika kusukulu, inafika kumsika, inafika kwa amai anga amene sanandilankhule masiku atatu. Wondikhulupilila panalibe, ndipo sindiwaimba mlandu, mbili ndinaiumba ndekha. Ku palishi sindinapondeko sabata ziwili. Chimene chinkandidya sichinali a Mwanza kapena amai a bungwe. Chinali chakuti ambuya, mumdima wao uja, akhala akuganiza kuti ndinakhala pansi n'kukonza zimenezi kuti ndiseke.

Lachitatu la sabata yachitatu Dalitso anabwela ndi uthenga wakuti a Domingo akuti chilango changa sichinathe, ndani wandimasula. Ndinawapeza okha. Anandiuza kusamba m'manja ndi kukhala pa mpando wao, iwo n'kukhala pa benchi pambali. Anati nditsegule chikombole ndiwawelengele mzele ndi mzele. Nditafika pamene ndinaphatikiza njila zija anandiimitsa.

"Unachita dala?"

"Iyayi, ambuya."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Zako zadala umazikonza bwino, umaziyesa kawili. Ichi ndi ulesi."

Ndinayamba kulila, koma sanandipatse mpata. Anati ndisafulumile kupepukidwa mtima, chifukwa kwa iwo ulesi ndi woipa kuposa dala: wochita dala amadziwa amene akumulasa, waulesi amalasa aliyense wodutsa. Anandikumbutsa kuti sanali Lozita yekha. Maina onse otuwa anakhala otseguka sabata zinai, ndipo sitidziwa kuti ndi angati, ku Nyimba kapena ku Tete, anagwila dzina la m'bale wao pa foni, likutseguka, mtima n'kudumpha, n'kupeza bokosi lopanda kanthu. Zimenezo sindinaziganizepo.

Tinakonza tsiku lomwelo. Ndinabwezela njila yachiwili, ndinachotsa adilesi pa maina otuwa, ndinabwezela mawu ouza a Dona kuti mpotseka. Nditati ndamaliza, anavula mpango wa m'khosi n'kundimanga m'maso. Anati nditsike mndandanda wonse ndi Tabu, kuyambila pa A mpaka pa Z, ndi makutu okha. Ndinatsika. Pa L, a Dona anachoka pa Lolenso n'kugwela pa Lukasi. Ndinamva ambuya akutulutsa mpweya pambali panga, ndipo sindikudziwa mpaka lelo ngati kunali kupepukidwa kapena china.

Ndinawapempha kuti auze anthu kuti sindinachite dala. Anati anawauza kale a Mwanza, koma a Mwanza anayankha kuti nkhalamba yafewa mtima, ikubisa mwana. Anati sadzaima pa guwa kundiyeletsa, zina ndizisenze ndekha, mwina zidzandikumbutsa kuyesa kawili. Pamenepo ndinawakwiyila, ndipo mawa lake ndinawathilila mchele mu tiyi. Anamwa yense, nati lelo wakoma kuposa masiku onse.

Miyezi yotsatila anafooka msanga. Njinga anaisiya, ankabwela pa galimoto ya ansembe, kenako kamodzi pa mwezi, kenako anasiyilatu. Ulendo womaliza anandinong'oneza mawu achinsinsi a mwini tsamba, amene ankawasunga okha, n'kundiuza kuwabweleza katatu. A Mwanza atamva anapita kukadandaula kwa ansembe kuti makiyi a nkhokwe apatsidwa kwa khoswe. A Domingo anati khoswe ndiye amadziwa mabowo onse.

Pa malilo panabwela anthu amene sindinawaonepo, ena ochokela kutsidya kwa malile, ena a ku Nyimba, ambili a iwo maina a buluu a pa mndandanda uja ali ndi miyendo. Mai wina wa ku Nyalugwe, wa ana akuluakulu, analila kwambili kuposa achibale. Amai Jasinta anandiuza kuti ndi uja anasiyilidwa dilesi yachikasu, ndipo chaka chilichonse a Domingo ankamutumizila mbewu ya nshawa. Titachoka kumanda, amai Jasinta anandigwila dzanja pamaso pa amai a bungwe aja n'kundifunsa chimene ndidzachite ndi dzina la amuna ao. Ndinati sindikudziwa. Anati ndililembe, ndipo likhale lotseguka, chifukwa tsopano ndi mwanayo amene angadzafunefune.

Ndinalilemba Lolemba lapitali. A Domingo sanadziikepo okha pa mndandanda, ankati iwo sanasowe. Ndinaika chithunzi chao cha pa khadi la tchalitchi, mudzi umene anachokela, kumene agona, ndi njila yofikila kwa amai Jasinta kuchokela pa siteshoni ya basi ya ku Petauke: pokwelela njinga yamoto, pokhotela, dzina lofunsa. Pansi pake amai Jasinta anandiuza kulemba kuti mai ako alipo, ndipo sanasamuke. Ndinayesa ndi mausi, ndi Tabu, ndi foni ya Dalitso, ndi maso otseka. Dzina lao limatseguka. La Lozita likali lotuwa.

Ansembe akuti chipindacho chidzatsegulidwanso akapeza munthu, koma munthuyo sakuoneka. Pakali pano kiyi ndimakatenga kwa a Mwanza, amene amandipatsa osandiyang'ana. Makompyuta asanu anaphimbidwa ndi nsalu za pa guwa zakale, imodzi yokha ndiyo ndimayatsa. Mpando wa ambuya anautengela ku ofesi ya palishi kuti azikhalila alendo, ndipo pa simenti patsala timabowo tinai pamene miyendo yake inadya pansi zaka zonsezi. Mavu ayamba kumanga pakona ya windo. M'dilowa ya tebulo ndinapezamo botolo la mankhwala a m'maso lotsala theka, sipoko ya njinga, ndi mabatani awili a kiyibodi, M ndi N, amene ndinawasinthanitsa chaka changa choyamba, iwo n'kuwazula, n'kuphunzila kutaipa popanda iwo. Masana ana a giledi 8 amabwela kudzasuzumila pa windo, n'kufunsa ngati lelo kuli makompyuta. Ndalemba pepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kulimata pa geti, kumsewu, kuti munthu asachite kulowa mpaka mkati: chipinda nchotseka, mwini wake anamwalila, tsiku lotsegula sitikulidziwa.